Khoma la Nyumba Yanu ndi Mafunde a Wailesi

Iyi ndi nkhani imene mnzathu wina, amene ndi injiniya wa zamagetsi, anakamba pa msonkhano wapachaka wa ophunzira akale. Taisindikiza monga momwe anayankhulira.



Komiti inandipempha kuti ndikambepo za ntchito imene ndimagwira, ndipo inandichenjeza kuti ndisachulutse masamu, popeza ena a inu munatsanzikana ndi Physical Science tsiku lomwe munalemba mayeso a Fomu 4. Ndamva. Masamu akhalapo, koma osaposa a ku golosale.

Funso langa nali: n'chifukwa chiyani foni imagwira bwino pabwalo, koma mukangolowa m'nyumba mau ayamba kuduka-duka? Ambiri timathamangira kudzudzula kampani ya mafoni, ndipo nthawi zina kampaniyo imakhaladi yolakwa. Koma kawiri-kawiri wolakwa ndi khoma limene tinamanga tokha ndi denga limene tinakhoma ndi ndalama zathu. Nkhaniyi si yamasewera ayi. Masiku ano ndalama zikuyenda pa foni, ndipo namwino wa pa chipatala chaching'ono kumudzi akafuna ambulansi usiku amadalira foni yomweyo. Tsono ngati khoma likudya mafunde, tiyenera kudziwa kuti likudya ochuluka bwanji, ndipo kudziwa kwake n'kuyeza basi.

Tiyambe ndi chinthu chimene chikuyendacho. Wailesi, foni ya m'manja, Wi-Fi, radar ya pa bwalo la ndege, ngakhalenso kuwala kwa dzuwa, zonsezi ndi mtundu umodzi: mafunde a mphamvu ya magetsi ndi ya maginito zoyendera limodzi. Amene anasonyeza zimenezi pa pepala ndi James Clerk Maxwell wa ku Scotland mu 1865. Mu mpweya mafundewa amathamanga makilomita pafupi-fupi 300,000 pa sekondi imodzi. Chimene chimawasiyanitsa ndi kutalika kwa funde lililonse. Amene munakulira pa wailesi za shortwave, monga za Nzeru zija, mukukumbukira kumva za mamita 49 ndi mamita 90. Kumeneko kunali kutalika kwa funde limodzi. Funde la FM ndi lotalika mamita 3. La foni pa 900 MHz ndi masentimita 33, ndipo la Wi-Fi pa 2.4 GHz ndi masentimita 12 ndi theka. Sungani manambala amenewa, pakuti khoma la mainchesi 9, kapena kuti masentimita 23, si kanthu kwa funde la mamita 90, koma kwa funde la masentimita 12 ndi mtunda ndithu.

Funde likafika pa khoma, gawo lina limabwerera ngati mpira womenya chipupa. Gawo lina limalowa n'kuthera m'kati momwemo, kusanduka kutentha kochepa kumene dzanja silingamve. Lotsala ndi limene limatulukira mbali inayo kukapeza foni yanu. Kagawidwe kameneka kamadalira manambala awiri amene chinthu chilichonse chomangira chili nawo.

Nambala yoyamba amaitcha permittivity. Tanthauzo lake ndi lakuti chinthucho chimasunga mphamvu ya magetsi mochuluka bwanji pochiyerekeza ndi mpweya. Mpweya timaupatsa 1. Matabwa ali cha pa 2, njerwa cha pa 4, konkire cha pa 5, galasi cha pa 6, ndipo madzi ali pa 80. Nambalayi ikakula, funde limachepetsa liwiro, monga momwe amachitira munthu wa pa njinga akachoka pa tala n'kulowa mu mchenga. Mu konkire wouma funde limatsika kufika pa makilomita pafupi-fupi 131,000 pa sekondi. Ndiponso nambalayi ikatalikirana kwambiri ndi ya mpweya, mafunde ambiri amabwerera pakhomo pomwepo osalowa. Mwa magawo 100 a mphamvu yofika molunjika, matabwa amabweza 3, njerwa 11, konkire 15, pamene madzi amabweza oposa 60.

Nambala yachiwiri ndi conductivity, imene imanena kuti magetsi amayenda mosavuta bwanji m'chinthucho. Imeneyi ndiyo mbala yeni-yeni, pakuti ndiyo imadya mphamvu ya funde pamene likudutsa. Ilipo nambala yachitatu yokhudza maginito, koma mu zomangira zambiri, kupatula chitsulo, imangofanana ndi ya mpweya, choncho sindikutopetsani nayo.

Muyeso wa mphamvu yotayika ndi decibel, imene timaifupikitsa kuti dB. Mawerengedwe ake ndi achilendo pang'ono. Kutaya ma dB 3 ndiye kuti kwatsala theka. Kutaya 10, kwatsala gawo limodzi mwa magawo 10. Kutaya 20, kwatsala limodzi mwa 100. Ndi zimenezo zokha zimene mufunika kukumbukira.

Kuyeza kotereku sikunayambe lero. Mu 1837, ku London, Michael Faraday anapanga zida ziwiri zofanana, chilichonse mpira wa chitsulo uli m'kati mwa mpira wina wokulirapo. Mu mpata wa chida chimodzi anasiyamo mpweya, mu chinacho anaikamo galasi, kenaka sulufule, kenaka utomoni wa shellac, n'kumayerekeza magetsi amene chilichonse chinasunga. Koma amene amandisangalatsa ine ndi Heinrich Hertz wa ku Germany. Mu 1888, mu mzinda wa Karlsruhe, iye anafuna kutsimikiza kuti mafunde a wailesi amapindika ngati kuwala. Mukukumbukira prism ija ya galasi imene tinkagawira kuwala mu labotale? Hertz anaumba yake ya phula wolimba, wofanana ndi wothira mu msewu, yotalika mita imodzi ndi theka. Ataona mmene mafunde anapindikira podutsa mu phulamo, anapeza kuti liwiro lawo linachepa ka 1.69. Mukachulukitsa nambalayi ndi iyo yomwe, mupeza permittivity ya pafupi-fupi 2.9. Anaonanso kuti mafundewo ankadutsa chitseko cha matabwa chili chotseka. Choncho wailesi yoti n'kumvera isanabadwe n'komwe, munthu anali atayeza kale chinthu chomangira. Zaka zochepa pambuyo pake, ku Calcutta, Jagadish Chandra Bose anaonetsa anthu mafunde akudutsa makoma kukaliza belu ndi kuyatsa wonga m'chipinda china.

Ntchitoyi inakula pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chifukwa cha radar. Ku MIT, ku America, Arthur von Hippel ndi gulu lake anayeza zinthu zambiri-mbiri, ndipo matebulo awo anatuluka m'buku la mu 1954 lotchedwa Dielectric Materials and Applications. Mu 1997 William Stone wa ku bungwe la miyeso la boma la America, la NIST, anatulutsa lipoti la zomangira zokha-zokha: njerwa, mabuloko, konkire, galasi, matabwa ndi zitsulo zolukana za mu konkire. Cholinga chake chinali choti makina a pa malo omanga azitha kudziwa pamene chinthu chili ngakhale pali khoma lotchinga.

Nanga kuyezako kumachitika bwanji? Chida chachikulu ndi makina otchedwa network analyzer. Makinawa ali ndi pakamwa pawiri. Amatumiza funde kuchokera pakamwa pamodzi, n'kuwerenga zinthu ziwiri: limene labwerera ndi limene latulukira pakamwa pachiwiri. Sawerenga kukula kokha ayi, amawerenganso kuchedwa kwake, ndipo amabwereza zimenezi kwa mafunde otalika mosiyana-siyana mazana-mazana pa kanthawi kochepa.

Njira imene ndimaikonda, chifukwa imafanana ndi moyo weni-weni, ndi yoyeza khoma lathunthu. Mumatenga milongoti iwiri yooneka ngati fanulo yothirira palafini, n'kuiyang'anitsa ina kwa inzake. Poyamba mumayeza pakati palibe kanthu. Kenaka mumaikapo chitsulo chafulati, chimene chimabweza funde lonse. Miyeso iwiriyi ili ngati kuyika sikelo pa ziro musanayambe kupima chimanga. Mukatero mumamanga kakhoma pakatipo ndi kuyezanso. Funde limadutsa masentimita 20 a mpweya pa magawo 0.67 a nanosecond, ndipo nanosecond ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi. Mu konkire wokhuthala chimodzimodzi limatenga 1.53. Kuchedwa kumeneko ndi kumene kumatiuza permittivity, ndipo kufooka kwa funde kumatiuza conductivity. Masamu otembenuzira miyesoyi kukhala manambala awiri aja anawalongosola Nicolson ndi Ross mu 1970, ndi Weir mu 1974, ndipo mpaka lero njirayo imatchedwa ndi maina a atatuwa.

Kunena n'kosavuta, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Funde ndi lochenjera ngati mwana wa Fomu 2 wofuna kuthawira ku tauni: likapeza geti yotseka limazungulira kuseri. Kakhoma kakachepa, mafunde amalambalala m'mbali n'kukafika mbali inayo osadutsa mu njerwa, ndipo inu mudzalemba kuti njerwa zanu n'zabwino pamene mwayeza mpweya. N'chifukwa chake kakhomako kayenera kukhala kotambalala kangapo kuposa kutalika kwa funde, ndipo m'mbali mwake timatchinga ndi masiponji akuda osongoka amene amameza mafunde. Ena amagunda pansi kapena kudenga n'kufika mochedwa. Amenewo timauza makina kuti awataye. Ngakhale kulakwitsa kukhuthala kwa khoma ndi mamilimita ochepa kumasokoneza yankho, ndipo inu mukudziwa kuti njerwa zoumba pa chikombole sizifanana ndendende.

Njira yachiwiri ndi yodula kachidutswa kakang'ono n'kukalowetsa mu paipi ya chitsulo momwe mafunde akuyendamo. Imapereka mayankho abwino pa galasi kapena pulasitiki. Pa konkire imanama, chifukwa konkire ndi simenti, mchenga ndi miyala ya kwale, ndipo kachidutswa konga bokosi la machesi kakhoza kukhala mwala wokha-wokha. Kampata kakang'ono ka mpweya pakati pa kachidutswako ndi paipi nakonso kamatsitsa nambala. Njira yachitatu ndi yogunditsa nsonga ya chingwe chapadera pa chinthu chimene mukuyeza. Imeneyi ndi yachangu ndipo siononga khoma, koma imangoona mamilimita ochepa a pamwamba. Pa matope ndi pa simenti wosauma imagwira bwino. Pa njerwa yokhakhala imangoyeza pulasitala kapena fumbi.

Zotsatira za miyeso yotere, yochokera m'maiko osiyana-siyana, anazisonkhanitsa a bungwe la International Telecommunication Union la ku Geneva m'chikalata chotchedwa P.2040, chimene chinatuluka koyamba mu 2013. M'chikalata chokonzedwanso cha mu 2023, konkire ali pa 5.24, njerwa pa 3.91, matabwa pa 1.99, galasi pa 6.31. Mainjiniya akamakonza za netiweki amadalira matebulo ngati amenewa. Ndawerengera kuchokera m'tebulomo kuti muone tanthauzo lake. Khoma la konkire la masentimita 20 limadya ma dB pafupi-fupi 7 pa 1 GHz, ndiye kuti kumatsala gawo limodzi mwa 5. Pa 2.4 GHz limadya 13, kutsala limodzi mwa 20. Pa 5 GHz, pamene Wi-Fi yothamanga kwambiri imayenda, limadya 23, kutsala limodzi mwa 200. Khoma ndi lomwelo, simenti ndi yemweyo, koma funde likamafupika khomalo likunka lilimba mtima. Khoma la njerwa la masentimita 23, mwa tebulo lomwelo, limadya ma dB 5 okha pa 2.4 GHz. Amene mukusankha pakati pa njerwa ndi konkire mwamva kusiyana kwake.

Tsopano ndifike pa mtima wa nkhani yanga. Manambala onsewa ndi a zinthu zouma, ndipo khoma la kwathu kuno silikhala louma chaka chonse. Kumbukirani kuti njerwa ili pa 4 pamene madzi ali pa 80. Njerwa youmba pamanja ikhoza kumwa madzi okwana gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, mwinanso kuposa. Madzi ochepa omwewo amakweza permittivity, ndipo choipa kwambiri n'chakuti amasungunula mchere wa m'dothi ndi wa mu simenti, conductivity n'kukwera. Chikalata cha ku Geneva chija chimasonyeza zimenezi pa dothi: louma kwambiri lili pa 3, lachinyezi pang'ono pa 15, lonyowa pa 30. Dothi lake ndi limodzi, koma nambala yakwera ka 10. Amene muli ndi mbaula ya microwave kunyumba mukudziwa kale zimenezi mosazindikira. Mbaulayo imagwiritsa ntchito mafunde a 2.45 GHz, oyandikana ndi a Wi-Fi, ndipo imatenthetsa nsima msanga koma mbale youma imachedwa kutentha, chifukwa madzi ndi amene amameza mphamvuyo. Khoma lonyowa ndi mvula ya mu February limachita zomwezo ndi mafunde a foni yanu, ngakhale kuti mphamvu yake ndi yochepa kwambiri moti silingatenthe.

Choncho munthu woyeza mosamala sangangolemba kuti “njerwa” n'kuikapo nambala. Ayenera kuipima njerwayo pa sikelo, kuiumitsa mu uvuni wa madigiri 105 mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika, kuiyeza, kenaka kuinyika m'madzi ndi kumaiyezanso tsiku ndi tsiku pamene ikuuma. Konkire ndiye wovuta kuposa apa. Amisiri amanena za masiku 28, koma amenewo ndi masiku oti konkire alimbe, osati aume. Madzi a m'kati amatenga miyezi kuti atuluke, kotero kuti nyumba yoyezedwa itangomangidwa kumene imapereka yankho losiyana ndi la chaka chotsatira.

Palinso china. Ndinakuwerengerani zimene zili m'tebulo la mu 2023 lija, ndipo mulinso zina monga pulayiwudi, siling'i bodi ndi mwala wa marble. Koma mulibe zidina. Mulibe khoma la mdindo, mulibe nsungwi zophomedwa ndi matope, mulibe denga la udzu, mulibenso njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopsinja pa makina. Sindikuwadzudzula eni tebulo, pakuti iwo analemba zimene anthu anawatumizira. Ngakhale mau oti “njerwa” m'tebulomo sitinganene kuti akunena za njerwa yathu. Ya ku fakitale imapsa mofanana yonse, pamene yathu ya mu uvuni wa nkhuni imadalira pamene inakhala: ya pafupi ndi moto imachita kuda n'kulira ngati chitsulo, ya kunja imatuluka yosapsa bwino, yomwa madzi ngati chinkhupule. Ndiponso mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Sukulu ndi zipatala zambiri zatsopano zikumangidwa ndi mabuloko a simenti. Buloko ili ndi mabowo m'kati, ndipo kukula kwa mabowowo kukuyandikana ndi kutalika kwa mafunde a foni ndi a Wi-Fi. Zikatero funde limagunda-gunda m'katimo, pena kudutsa bwino, pena kutsekeka, malinga ndi kutalika kwake. Khoma lotere simungalipatse nambala imodzi. Muyenera kuliyeza lonse, lili ndi pulasitala wake.

Maganizo anga ndi akuti imeneyi ndi ntchito yoyenera ana athu amene akuphunzira uinjiniya ku MUBAS, imene ife tinkaidziwa kuti Polytechnic, ndi ku mayunivesite ena. Kale chowiringula chinalipo, chifukwa network analyzer inali ya mtengo woposa galimoto. Lero kuli timakina tokwana m'thumba totchedwa NanoVNA, timene mtengo wake suposa wa foni yabwino. Sitingafanane ndi makina a mu labotale yaikulu, koma kusiyanitsa chidina chouma ndi chonyowa tingathe.

Sindinanene kanthu za denga. Malata ndi nkhani ina kotheratu, chifukwa conductivity ya chitsulo imaposa ya konkire kambiri-mbiri, mamiliyoni. Funde la 1 GHz likagunda chitsulo sililowa kupitirira magawo 5 mwa magawo 1,000 a milimita, kuchepa kuposa tsitsi la munthu. Choncho musavutike kufunsa ngati malata a geji 32 amalola mafunde kuposa a geji 28; onse amabweza pafupi-fupi chilichonse. Faraday yemwe uja anasonyeza mu 1836 kuti chipinda chokutidwa ndi chitsulo chimatchinga mphamvu ya magetsi ya kunja. Amene amachita malonda otumiza ndalama pa foni ali mu kontena, kapena mu kanyumba ka malata okha-okha, akukhala m'chipinda cha Faraday, ndipo n'chifukwa chake mumawaona atatulutsa dzanja pa windo foni ili m'mwamba. Nthawi zina kutchingaku kumafunika: chipinda cha makina a MRI ku chipatala amachikuta dala ndi mkuwa kuti mafunde a kunja asasokoneze chithunzi.

M'nyumba ya malata, tsono, mafunde amalowera m'makoma, m'mawindo ndi pa zitseko. Apa lamulo lake ndi lakuti bowo likachepa kwambiri poyerekeza ndi kutalika kwa funde, fundelo limaona ngati palibe bowo. Yang'anani chitseko cha mbaula ya microwave: chili ndi timabowo timene kuwala kumadutsa, koma funde la masentimita 12 silidutsa. Sefa wa waya wotchinga udzudzu pa windo amachita chimodzimodzi, pamene sefa wa pulasitiki satchinga kanthu koma udzudzu wokhawo. Zitsulo zotchinga akuba zotalikirana masentimita 10 kapena 15 zimavutitsa kwambiri mafunde aatali monga a FM, ndipo a foni zimawachepetsa pang'ono. Pepala lonyezimira la aluminiyamu limene ena amayala kunsi kwa denga pochepetsa kutentha nalonso ndi chitsulo.

Anzathu okhala ku maiko ozizira akumana ndi vuto lomweli mwa njira ina. Pofuna kusunga kutentha m'nyumba, magalasi a mawindo amawapaka chitsulo chopyapyala kwambiri chosaoneka ndi maso, ndipo m'makoma amaikamo zotchinga zokutidwa ndi aluminiyamu. Ku Finland anthu analowa m'nyumba zatsopano zokongola n'kupeza kuti foni ikuvuta kugwira. Mu 2017 bungwe la ku Geneva lija linatulutsa chikalata china, P.2109, chimene chimagawa nyumba m'magulu awiri, zomangidwa mwa kale ndi zosunga kutentha, ndipo kusiyana kwa magulu awiriwa kumaposa ma dB 10. Magalasi oterewa akumaikidwanso pa nyumba zazitali za maofesi m'maiko otentha pofuna kutchinga dzuwa, choncho amene mumasaina mapulani muzifunsa.

Manambala omwewa ali ndi ntchito inanso imene ikukhudza moyo wa anthu. Pali radar ya m'manja imene timayendetsa pamwamba pa konkire kuti tione pamene pali zitsulo popanda kuswa. Makinawo amangowerenga nthawi imene funde latenga kupita ndi kubwerera. Kuti nthawiyo isanduke masentimita, muyenera kuwauza permittivity. Mukawauza 5.24 ya m'buku pamene konkire wanu ndi wachinyezi ndipo ali pa 9, chitsulo chimene chili pa masentimita 4 chidzaoneka ngati chili pa masentimita oposa 5. Mudzavomereza mlatho kapena chipilala kuti zitsulo zake zakutidwa mokwanira pamene zili pafupi ndi kunja, poti dzimbiri n'kuzipeza. N'chifukwa chake woyeza wanzeru amaboola malo amodzi, n'kupima ndi rula, n'kukonza makina ake. Conductivity nayo imatichenjeza za dzimbiri lomwelo. Njira ya misomali inayi yondandalika, imene Frank Wenner anaifotokoza mu 1915 poyeza nthaka, lero imagwiranso ntchito pa konkire: magetsi akamayenda mosavuta mu konkiremo, ndiye kuti zitsulo za m'kati zikhoza kuchita dzimbiri msanga. Ndi njira yomweyo imene timayezera dothi tisanakwirire waya wotchinga mphezi.

A Wapampando akuyang'ana wotchi, choncho nditsirize ndi zimene aliyense wa inu angachite ndi foni ili m'thumbayo. Musadalire timizere tija ta pa ngodya, pakuti kampani iliyonse yopanga mafoni imatijambula mwa njira yake. Pa mafoni ambiri a Android, mukalowa mu Settings, kenaka About phone, n'kufufuza SIM status, mupeza nambala ya mphamvu ya netiweki yolembedwa mu dBm. Nambalayo imakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, kotero -80 ndi yamphamvu kuposa -110. Imani panja, kumbali imene kuli nsanja ya netiweki, ndipo lembani nambalayo pa malo 10 otalikirana phazi limodzi-limodzi. Lowani m'chipinda, tsekani chitseko ndi mawindo, lembaninso pa malo 10. Malo amodzi sakwana, chifukwa m'nyumba mafunde amagundana okha-okha, moti kusuntha foni ndi chikhatho chimodzi kukhoza kusintha nambala ndi ma dB 10. Onetsetsaninso kuti foni siinadumphe kuchoka pa 4G kupita pa 3G pakati pa miyeso iwiriyi. Pezani avereji ya panja ndi ya m'kati. Kusiyana kwake ndiko kudya kwa nyumba yanu. Sikukhala permittivity yeni-yeni, koma ndi nambala yoona ya nyumba yoona. Lembani khomalo kuti ndi la chiyani, lokhuthala bwanji, denga ndi la chiyani, pa windo pali sefa wanji. Chitani zimenezi mu October kukutentha, mudzabwereze mu February mvula itagwa masiku atatu otsatizana.

Ndipo amene mukumanga, kaya ndi nyumba yopumiramo ntchito kaya ndi chipinda cha makompyuta pa sukulu ya kwanu, yendani pa pulotipo ndi foni maziko asanakumbidwe, muone kumene mafunde akuchokera, ndipo mbali imeneyo muikeko windo la galasi wamba ndi sefa wa pulasitiki. Kabokosi ka Wi-Fi musakabise pa ngodya kuseri kwa chipilala cha konkire. Kakhale pakati pa nyumba, m'mwamba. Muuzeninso mmisiri asiye paipi yopanda kanthu yochokera kudenga kufika m'chipinda, kuti tsiku limene mudzafune mlongoti wa panja chingwe chidzapeze podutsa popanda kuswa pulasitala.

 Ngati pali mafunso, ndiyankha tisanapite ku chakudya.